Faiba sawotcherera, amachita kumata

Mvula yoyamba ya chaka chatha inatipeza pa msewu wafumbi wochoka pa Nsaru kulowera kwa Kabudula. Tinali m'galimoto ya kalabu ina ya alimi a mtedza ndi soya, imene ndimaithandiza pa ulangizi. Kumbuyo tinanyamula matumba 12 a feteleza wa Urea ndi matumba ochepa a mbewu ya mtedza wa CG7, zonse zogulidwa ndi ndalama zimene mamembala anasonkha atagulitsa zokolola. Mvula itayamba palibe anada nkhawa, poti galimotoyo ili ndi denga lakumbuyo lija timati kanope. Tinapitiriza kucheza za mitengo ya soya.

Titafika ndi kutsekula kumbuyo, msungichuma wa kalabuyo, mayi wachikulire wosakonda zolankhulalankhula, anangogwira pakamwa. Madzi anali atalowera padenga. Matumba anayi a pamwamba anali atanyowa, ndipo mlimi aliyense akudziwa zimene Urea amachita akalawa madzi: wina amasungunuka ndi kuyenderera, wotsalayo amadzauma gwa ngati mwala. Mbewu ya mtedza nayo inali itamwa chinyezi kumbali imodzi.

Chopweteka kwambiri chinali chakuti kalabuyo inali italipira kale kawiri konse kuti denga lomwelo likonzedwe.

Nkhani yake inayamba mu Seputembala, pamene dalaivala anakhulitsa kanopeyo ku nthambi ya mango ndipo panabwera mng'alu wotalika ngati chikhatho. Anapita nayo kwa mnyamata wina wowotcherera pa msika wina wa kuderali, mmisiri wabwino ndithu pa ntchito ya ngolo ndi mafelemu a mawindo. Iye anati chilichonse cha pa galimoto chimamva moto. Atangoyandikiza lawi, denga linayamba kufuka utsi wakuda wonunkha, ndipo pamene amazimitsa, mng'alu uja unali utasanduka chibowo chonga mbale ya ndiwo. Mmisiri wachiwiri anakhomerapo kachidutswa ka lata, napakapo pute uja amapaka pa zitseko za galimoto zopindika, nasalaza, napenta. Pamaso panali bwino zedi. Koma msewu wa kwa Kabudula nthawi ya chilimwe mukuudziwa. Pasanathe milungu itatu puteyo anali atang'aluka m'mbali monse mwa lata lija, ndipo ife sitinaone chifukwa palibe amakwera padenga kukayang'ana.

Sindikuwanena amisiri awiriwo. Anagwira ntchito imene amaidziwa, koma pa chinthu chimene si chitsulo. Ineyo amene ndinapita kusukulu ya zaulimi sindinali kudziwanso. Masiku ano zinthu zamtunduwu zadzaza m'midzi mwathu: makanope, mabampala, zophimba za njinga zamoto za akabaza, mathanki a madzi a ku dimba, masipuleya. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kugula chatsopano si nkhani yamasewera. Choncho ndi bwino tidziwe chimene chimakonzeka, mmene chimakonzekera, ndi chimene tiyenera kungochitaya.

Nkhokwe yomata

Amene anandiphunzitsa ndi mkulu wina wa pa Namitete yemwe anakhala zaka zambiri ku Joni akugwira ntchito m'fakitale ya makanope ndi mabwato. Tinamupeza pansi pa mthethe kuseri kwa mashopu akukonza mpando. Anayang'ana denga lija, naligogoda, napukusa mutu.

“Alangizi,” anatero, “nkhokwe ya kwanu ikabooka mumaitana wowotcherera?”

Ndinaseka, koma fanizo lakelo ndi lomwe linanditsekula mutu. Nkhokwe yomata ili ndi zinthu ziwiri: nsungwi zolukidwa ndi dothi. Nsungwi pazokha zimapindika ndipo anankafumbwe amalowa mmene afunira. Dothi palokha limagumuka. Koma zikagwirana, nsungwi zimapereka mphamvu, dothi limagwira nsungwizo kuti zisasunthe. Faiba ndi chimodzimodzi. Mkati mwake muli timaulusi ta galasi tating'ono kuposa tsitsi, ndipo timaulusito timamizidwa mu utomoni wa m'fakitale wotchedwa rezini. Utomoniwo ukauma wauma basi. Subwereranso kukhala wamadzi ngakhale muuwotche chotani. Umangopserera ngati chikuni. Pamenepa ndi pamene mnyamata wowotcherera uja anagwera. Chitsulo chimasungunuka ndi kulumikizana, chimapindika ndi kuwongoka ndi hamala. Faiba sapindika kuti mumuwongole. Amapirira mpaka pamene wathyoka, ndipo akathyoka ndiye kuti timaulusi taduka. Pute alibe ulusi wautali, motero kupaka pute pa bowo kuli ngati kumata dothi pa nkhokwe popanda kulukapo nsungwi zina.

Luso limeneli si lachilendo kunja kuno. Galimoto ya ku America yotchedwa Chevrolet Corvette inatuluka mu 1953 ndi thupi la faiba wa galasi. Ku East Germany, kumene chitsulo chinali chosowa, anapanga galimoto yotchedwa Trabant kuyambira mu 1957 mpaka 1991, ndipo zitseko, denga ndi boneti yake zinali za zinyenyeswa za thonje zopanikizidwa mu utomoni. Alimi a thonje a ku Salima ndi ku Chikwawa mwina sadziwa kuti mbewu yawoyo inayendapo pa msewu ngati thupi la galimoto zoposa mamiliyoni atatu.

Mmene mkuluyo anakonzera

Zipangizo tinakagula ku Lilongwe m'mashopu a penti wa galimoto: rezini wa mtundu wa polyester, kabotolo kakang'ono ka mankhwala oumitsira, nsalu ya galasi ya timaulusi tomwazika imene amisiri amangoti mati, asetoni, sandipepa, ndi maburashi awiri otsika mtengo. Mkuluyo anatichenjeza kuti titsekule chitini tisanalipire. Rezini sakhalitsa pa shelefu, makamaka malo otentha. Pakatha miyezi ingapo amayamba kulimba. Wabwino amayenderera ngati uchi wa m'chilimwe. Akakhala ndi mibulu, musiyeni pomwepo.

Choyamba anachotsa lata ndi pute yense. Kenaka anatenga ndalama yachitsulo ya K10 nayamba kugogoda denga mozungulira bowo. Pamene faiba ali bwino ndalama imalira mokweza, ngwe ngwe. Pamene zigawo zamkati zalekana imalira mogontha, phu phu, ngati dzungu lofumbwa. Anazunguliza ndi makala malo onse ogonthawo, ndipo tinadabwa kuona kuti malo owonongeka anali aakulu kawiri kuposa bowo looneka ndi maso. Onsewo anawadula ndi kuwataya, pamodzi ndi mbali zonse zimene zinapserera. Msungichuma anatsala pang'ono kulira poona bowo likukula m'malo mochepa.

Apa ndi pamene pagona luso lonse, choncho ndichedwapo pang'ono. M'mphepete mwa bowolo sanasiyemo chiphompho. Anapala mozungulira kuti pakhale potsetsereka, kuchoka pa kukhuthala kwa denga lonse mpaka kupyapyala ngati mpeni pakamwa pa bowo. Muyeso wake ndi wakuti potsetserekapo patalike ka 12 kuposa kukhuthala kwa chinthucho. Kanope yathu inali yokhuthala mamilimita 4, ndiye anapala pafupifupi masentimita 5 kuzungulira bowo lonse. Chifukwa chake n'chosavuta kumva kwa mlimi amene anamezetsapo mango kapena malalanje. Pomezetsa sitidula nthambi mopingasa ndi kugunditsa mitu, timadula mopendeketsa kuti mbali ziwirizo zigwirane pamalo aakulu. Rezini watsopano sasakanikirana ndi wakale amene anauma kale, amangomatirira pamwamba pake. Malo ogwiranawo akachepa, chigambacho chimabanthuka pa bampu yoyamba.

Atapala anapukuta fumbi, natsuka ndi asetoni pa kansalu koyera, ndipo kuchokera pamenepo sanalole munthu kukhudzapo ndi chala. Mafuta a m'manja, dizilo, sopo kapena chinyezi zimakaniza rezini kugwira. Mwana wina atabweretsa madzi kuti atsukire, anamubweza. Kunsi kwa bowo anatchingirako ndi katoni yokutidwa ndi pepala la pulasitiki, naichirikiza ndi kamtengo kuti chigamba chitenge maonekedwe a denga.

Mati anaidula m'zigamba zinayi, chachikulu chofika m'mphepete mwa popalidwa paja, chinzake chocheperapo, mpaka chaching'ono chongokwana pa bowo. Anachita kung'amba ndi manja m'mbali mwake kuti timaulusi tituluke ngati ndevu, poti m'mbali modulidwa ndi sizasi mumasiya mzere. Zonsezi anakonzeratu asanatsekule chitini, pakuti rezini akasakanizidwa sadikira munthu.

Muyeso wa mankhwala oumitsira ndi uwu: mamililita 1 kapena 2 pa mamililita 100 alionse a rezini. Pa rezini wodzaza botolo la Fanta la mamililita 300, ndiye kuti mamililita 3 mpaka 6. Iye anayeza ndi sirinji yatsopano ya ziweto, osati kungothira mwa maso. Kukatentha ngati mu Okutobala ndi Novembala, thirani muyeso wochepawo. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, wochulukawo. Mukachepetsa kuposa apa, chigamba chimakhala chonata mpaka kalekale. Mukachulukitsa, rezini amatentha m'chitini, amafuka, ndipo chigamba chimakhala chophweka kusweka. Mukasakaniza muli ndi mphindi 15 kapena 20 zokha, ndiye sakanizani pang'onopang'ono, m'chigubu chodula cha mafuta ophikira kapena m'chitini. Zotengera zoyera zopepuka zija amaikamo tchipisi zimasungunuka ndi rezini.

Anapaka rezini pa denga, nayala chigamba chachikulu, nayamba kujompha ndi nsonga ya burashi. Sanali kupaka ngati penti, anali kuchita kujompha. Mati youma imaoneka yoyera. Ikamwa bwino imaonekera mkati ngati pepala lodontheredwa mafuta. Pamene patsala poyera ndiye kuti pali mpweya, ndipo pamenepo ndi pamene mng'alu udzayambire. Anatero ndi zigamba zonse zinayi, china pamwamba pa chinzake choyambacho chisanaume. Amisiri ena amayamba ndi chaching'ono kumalizira chachikulu. Mkuluyu anati kuyamba ndi chachikulu kumathandiza kuti posalaza musadule chigamba chimene chagwira malo ambiri, ndipo ine ndinaona kuti zikumveka.

Cholakwa chimene ambiri amachita, anatero, ndi kuthira rezini wambiri poganiza kuti ndiye kulimbitsa. Mphamvu ili mu ulusi. Rezini angokwana kunyowetsa, kulemera kwake kukhale ngati kawiri kapena kawiri ndi theka kwa mati. Wotsala yense ndi katundu chabe, ndipo amang'aluka.

M'mawa mwake anachotsa katoni, nawonjezera chigamba chimodzi chakunsi atapalanso ndi kutsuka, kenaka anasalaza pamwamba. Pamenepo ndi pamene anatenga pute, pang'ono chabe, wotsekera timaenje, ndi kupenta.

Ndisanachoke pamenepa, pali zoopsa zimene sindingazidumphe. Mankhwala oumitsira aja, otchedwa MEKP, akagwera m'diso akhoza kuchititsa khungu. Valani magalasi, khalani ndi ndowa ya madzi oyera pambali, ndipo ngozi ikachitika tsukani diso ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15 kenaka thamangirani kuchipatala. A pa Namitete muli nacho pafupi cha St Gabriel. Fumbi la faiba limayabwa ngati chitedze ndipo si loyenera kulipuma, choncho phimbani mphuno ndi kuvala malaya a manja aatali. Gwirirani ntchito panja pamthunzi, kutali ndi moto, ndipo wosuta akasutire kwina. Kwa inu a fodya, musayerekeze kugwirira ntchitoyi m'chigafa kapena m'shedi yosankhira. Fodya amatenga fungo msanga, komanso timaulusi ta galasi tikalowa m'belo, ku okushoni ku Kanengo adzalibweza ngati la zinyalala, monga amachitira akapezamo ulusi wa thumba la feteleza.

Sipuleya si faiba

Anthu atamva kuti kanope yakonzeka, sabata yotsatira anabwera ndi masipuleya ong'aluka, zigubu, ndi bampala imodzi, kufuna kuti rezini wotsala awamatire. Mkulu uja anakana, ndipo anali ndi chifukwa.

Zinthu zambiri zimene timangoziti pulasitiki zilibe ulusi mkati, ndipo zimasungunuka ndi moto. Mathanki a masipuleya ndi mathanki akuluakulu a madzi obiriwira kapena akuda aja kawirikawiri amapangidwa ndi polyethylene. Mabampala ambiri ndi polypropylene. Mitundu iwiriyi ndi yoterera ngati kandulo. Rezini sagwirapo, supaguluu sagwirapo. Mukamata lero, mawa mumatukula ndi chikhadabo. Izi ndiye zofuna moto, koma osati lawi: chitsulo chotentha, ndi kachidutswa ka pulasitiki wa mtundu womwewo kosungunulira mumng'alu.

Kuzindikira n'kosavuta. Tembenuzani chinthucho muyang'ane zilembo kunsi kapena mkati. PE, HDPE kapena nambala 2 m'kachizindikiro ka ngodya zitatu ndi polyethylene. PP kapena nambala 5 ndi polypropylene. Zophimba zambiri zonyezimira za njinga zamoto zimalembedwa ABS. Ngati palibe zilembo, palani kachidutswa kakang'ono pobisika mukaponye m'kapu ya madzi: PE ndi PP kawirikawiri zimayandama, ABS imamira. Mukhozanso kugunditsa msomali wotentha pobisika. Pakasungunuka ndi kunata, ndi zowotcherera. Pakangoda ndi kuonetsa timaulusi, ndi zomata. Ndipo musasakanize mitundu. Chidutswa cha beseni la PP sichigwira pa thanki ya PE ngakhale zonse zisungunuke.

Pa sipuleya pokha ndikufuna ndilankhule ngati mlangizi. Chibwerereni mbozi za ntchemberezandonda m'nyengo ya 2016/2017, komanso pamene alimi ambiri ayamba kupopera mankhwala opha udzu, sipuleya yakhala ngati khasu pakhomo. M'maulendo anga a ku Mpingu ndi ku Nambuma ndaonapo anyamata aganyu malaya ali chonyowa kumsana tsiku lonse ndi mankhwala odontha pa thanki yomatidwa ndi phula kapena sopo. Mankhwala ambiri ophera tizilombo amalowera pakhungu, ndipo khungu la munthu wotuluka thukuta limamwa kwambiri. Ngati mukuwotcherera thanki, itsukeni katatu ndi kuiumitsa musanayandikize chitsulo chotentha, pakuti utsi wa mankhwala otsalira ndi poizoni. Mukatha, idzazeni madzi okhaokha, muiike pa pepala louma usiku wonse. Ikadontha ngakhale pang'ono mbali yogunda kumsana, kapena ngati chong'aluka ndi kabotolo kamkati kosunga mpweya kaja, musalimbane nayo. Gulani chiwalo china, kapena thanki ina.

Nanga kaboni?

Tili mkati mocheza, mnyamata wina wa kabaza anafika kudzationetsa chophimba cha njinga yake chakuda cha timabokosi tolukana, akunena monyadira kuti n'cha kaboni. Mkulu uja anakanda m'mphepete ndi chikhadabo, kapepala kanamatuka, pansi pake panali pulasitiki wamba. Tonse tinaseka, mwini wake yemwe. Zambiri zotere zimene mumaona pa magalimoto ndi njinga m'misika mwathu ndi zomata chabe kapena zojambula.

Komabe kaboni weniweni alipo, ndipo akubwera. Ndi m'bale wake wa faiba wa galasi, kusiyana kwake ndi ulusi. Amatenga ulusi wa m'fakitale wa mtundu wofanana ndi uja amalukira majuzi, nauwotcha m'ng'anjo yopanda mpweya pa kutentha koposa madigiri 1,000, mpaka zina zonse zitachoka ndi kutsala kaboni yekha. Amene anaotchapo makala m'uvuni wokwiriridwa ndi dothi akudziwa kale mfundo yake. Njirayi inakhwimira ku Osaka m'dziko la Japan cha m'ma 1960 ndi ku Farnborough ku England mu 1963. Ulusi wotulukawo ndi wakuda, wopyapyala kwambiri kuposa tsitsi, ndipo ukamizidwa mu utomoni umapanga chinthu cholemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chitsulo cha msinkhu womwewo, koma cholimba modabwitsa.

Kampani ya McLaren inapanga galimoto yampikisano ya thupi la kaboni mu 1981, ndipo chaka chomwecho dalaivala wake John Watson anachita nayo ngozi yoopsa ku Monza m'dziko la Italy natulukamo akuyenda yekha. BMW inagulitsa galimoto yamagetsi ya i3, yomwe chipinda chake chonse chokhalamo anthu chinali cha kaboni, kuyambira mu 2013 mpaka 2022. Chimene chikutikhudza ife kwambiri ndi ichi: Toyota Prius PHV imene inatuluka mu 2017 ili ndi chitseko chakumbuyo cha kaboni. Magalimoto athu ambiri ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, olowera pa Songwe kapena pa Mwanza, choncho tsiku lina chitseko chotere chidzafika kwa mmisiri wa pa Nsaru. Palinso tindege topanda dalaivala tija. Boma ndi UNICEF anatsekula malo oyeserera tindegeti ku Kasungu mu 2017, ndipo sukulu yake inayamba ku Lilongwe mu 2020; mikono ndi mapiko a tambiri mwa ito, kuphatikizapo topopera mankhwala m'minda, ndi za kaboni. Mafelemu a njinga zina zakapalasa zothamangira zobwera pa kaunjika nawonso ndi omwewo.

Kakonzedwe kake kamayenda m'njira yomwe ija: kugogoda, kudula chowonongeka, kupala motsetsereka, kutsuka, kuyala zigamba. Koma kaboni ndi wovuta m'zinthu zingapo.

Amabisa bala. Mwala ukhoza kugunda chitseko osasiya chizindikiro pamwamba, pamene mkati zigawo zalekana dera lalikulu. Ndalama yogogodera ija apa ndiye imafunika zedi, ndipo ku mafakitale a ndege amachita kuunika ndi makina. Potsetsereka pafunika kutalika ka 20 kapena kuposerapo, osati ka 12. Rezini wake ndi epoxy, wa zitini ziwiri, ndipo muyeso wake ndi umene walembedwa pa chitini osasintha. Apa pamagwa ambiri ozolowera polyester: kuwonjezera choumitsira mu epoxy sikufulumizitsa kanthu, kumangochititsa kuti asaume bwino. Nsalu yake ndi yolukidwa, ndipo imalimba motsata kumene ulusi waloza, monga nsungwi imene simungaidule poikoka koma imang'ambika mosavuta m'litali. Choncho popala muziwerenga zigawo ndi kuona kumene ulusi wa chigawo chilichonse waloza, ndipo chigamba chilichonse chitsate chinzake chakale. Chigamba chimafunanso kupanikizidwa pouma kuti rezini wosafunika atuluke. Ku fakitale amachita ndi thumba lopopedwa mpweya ndi ng'anjo. Kuno mkuluyo anati pamalo athyathyathya amayala pepala la pulasitiki ndi kusanjikapo thumba la mchenga, ndipo pa chinthu chobulungira amakulunga ndi mphira wa chubu. Pomaliza pentani, chifukwa dzuwa limawononga epoxy.

China chimene ambiri sachidziwa n'chakuti kaboni amayendetsa magetsi. Fumbi lake lakudalo likalowa m'gulaindala, mu wailesi kapena m'kabokosi ka sola, likhoza kupsereza. Ndipo kaboni akagundana ndi aluminiyamu pamalo a chinyezi, aluminiyamuyo amadyeka msanga. Amisiri amaikapo kansalu ka galasi pakati kuti ziwirizo zisakhudzane. Misomali ya riveti ya aluminiyamu imene timakonda kukhomera zigamba, pa kaboni njosayenera.

Maganizo anga ndi awa. Boneti, chophimba, madigadi kapena khungu la chitseko, mmisiri wosamala wa pa msika akhoza kukonza, ndipo ngati nsalu ya kaboni yasowa, ya galasi yolukidwa pamodzi ndi epoxy imatseka bwino pamalo amene sanyamula katundu. Koma chiwalo chimene chanyamula moyo wa munthu, monga chipinda cha galimoto, foloko kapena felemu ya njinga, pamene pamangidwa lamba kapena mahinjesi, chisakonzedwe pansi pa mtengo. Chitsulo chimachenjeza, chimapindika kaye ndi kulira. Kaboni amangothyoka kamodzi, phwa, munthu ali pa liwiro.

Ndinamufunsa mkuluyo ngati pali ntchito imene amaikana ngakhale munthu atabwera ndi ndalama m'manja. Analoza chipewa cha mnyamata wa kabaza uja, chimene chinali ndi mng'alu womangidwa ndi waya.

“Icho. Akabwera nacho ndimawauza kuti, achimwene, ndikhoza kuchimata chioneke chatsopano, koma ndikhala ndakunamizani.”

Ananena zoona. Chimene chimateteza mutu si chigoba chakunja chokha ayi, koma chinkhupule choyera cholimba chimene chili mkati. Chimenecho chimagwira ntchito pophwanyika, ndipo chikaphwanyika kamodzi sichibwereranso. Mnyamatayo anati adzagula china akagulitsa soya. Mkuluyo anamuyankha kuti soya amakolola mu Epulo pamene msewu wa ku Mchinji uli pomwepo lero, ndipo mnyamatayo analiza njinga yake napita.

Kanope ya kalabu ija yadutsa dzinja lonse, yanyamula mtedza kupita ku Lilongwe maulendo angapo, ndipo sinadonthe. Urea wouma uja tinamuyala pa tenti ndi kumuphwanya ndi zibonga. Pa matumba anayi aja tinapulumutsa ngati atatu, ndipo mamembala anagwirizana kuti kuchepako agawane onse. Mbewu ya mtedza tinaiyanika pamthunzi, ndipo nditayesa njere 100 m'mchenga wonyowa zinamera zokwanira kuti tibzale. Rezini wotsala anauma m'chitini mwezi wa Febuluwale usanathe. Msungichuma anandiuza kuti ulendo wina tidzagule theka.